Tikuze tchalitchi kapena tiyambe tapeza malo? Zokambirana za gulu la chitukuko cha kwathu

Mlembi wa gulu, Lilongwe:
Moni nonse akwathu. Komiti ya tchalitchi kumudzi yatilembera kalata. Akupempha kuti ndalama zomwe tasonkha chaka chino zikagwire ntchito yokuza tchalitchi: kugumula khoma lakumbuyo, kuwonjezera kutalika, ndi kusintha malata. M'kalata yomweyo atchulanso nyumba ya ansembe, kuti mtsogolo muno nthambi yathu idzakhale parishi payokha. Amsungichuma andiuza kuti zomwe zili m'thumba sizingakwane zonsezi. Tikambirane mwaulemu. Chonde lembani, mauthenga amawu akudya bandulo ya anzathu a kumudzi.

Wapampando wa tchalitchi, kumudzi:
Zikomo alembi. Abale, inu mumabwera pa Khirisimasi kapena pamaliro, ife timaziona Lamulungu lililonse. Ana a Tilitonse, gulu la ana ophunzira za chikhristu, sakulowanso m'tchalitchi, amakhala pansi pa mtengo kunja. Tsiku lomwe bambo mfumu abwera kudzachita Misa, amayi amisinkhu amamvera ulaliki pawindo. Mvula ikayamba ena amangobwerera kunyumba. Tchalitchi chimenechi makolo athu anachimanga midzi ili yochepa, lero miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, yachuluka moti ina tikuigawa pawiri. Sitikupempha zokongoletsa ayi, tikupempha poti munthu akhale pansi.

Katekisi wopuma, kumudzi:
Awapampando anena zoona. Ine ndinayamba utumiki ana obatizidwa pa nyengo ya Pasaka akukwana pa benchi imodzi. Pomwe ndimapuma, ansembe amachita kutopa dzanja. Ndipo musaiwale mbiri ya dayosizi yathu ya Dedza. Azibambo Oyera anafika ku Mua mu 1902, ku Bembeke mu 1910, ndipo maparishi enawa anabadwa pang'onopang'ono kuchokera ku nthambi zonga yathuyi. Ambuye Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wa Chimalawi amene anadzakhalanso episkopi woyamba wa Chimalawi, anatuluka m'dera lomweli la dayosizi yathu. Akadakhala kuti makolo aja ankaopa kumanga, bwenzi lero tikuyenda mtunda wa tsiku lathunthu kukalandira sakramenti.

Mphunzitsi wa sekondale, Zomba:
Agogo akatekisi, ndakumvani, ndipo manambala akugwirizana nanu pa mbali imodzi. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'Malawi muno. Wa 1998 anapeza 9.9 miliyoni, wa 2008 anapeza 13 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Pakati pa 2008 ndi 2018 chiwerengero chimakwera ndi 2.9 peresenti chaka chilichonse, ndipo liwiro limeneli likapanda kusintha anthu amawirikiza kawiri pakatha zaka pafupifupi 24. Boma lathu la Dedza lokha linachoka pa anthu 624,000 kufika pa 830,000 m'zaka khumi zomwezo. Ndiye kudzadza kwa tchalitchi sikodabwitsa.

Koma pali china chomwe kalembera wa 2018 anaonetsa: anthu opitirira theka m'dziko muno anali osakwana zaka 18. Amene akudzadza tchalitchi chathu ndi ana. Funso langa nali: ana amenewa akadzafika zaka 25 adzakhala ali kuti? Tisanagumule khoma tiyankhe kaye limeneli.

Mnyamata wa ku Johannesburg:
Amayi aphunzitsi mwafunsa funso lomwe limandisowetsa tulo. Ife amene tinalandira Ulimbitso limodzi, anyamata ambiri kumudziko kulibe. Ena tili kuno ku Joni, ena ali ku Lilongwe akukwera kabaza kapena kugulitsa kachewere mumsika. Basi imangodutsa pachipata cha Dedza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, munthu wapita. Kuno timapemphera m'matchalitchi a eni dziko, ana athu akubatizidwira konkuno. Sindikukana tchalitchi ayi, koma chomwe chikutithamangitsa kumudzi si kuchepa kwa mabenchi. Ndi kuchepa kwa minda ndi kusowa kwa sukulu yopitirira Sitandade 8. Ine ndikanakonda midadada ya sukulu.

Wapampando wa Amayi a Chikatolika, kumudzi:
Mwana wanga wa ku Joni, iwe wawerenga anyamata okha. Kwathu kuno n'kwachikamwini. Mnyamata akakula amapita, kaya ku Joni kaya kukakwatira mudzi wina, koma mtsikana amatsala pa dothi la amayi ake ndipo mwamuna amamupeza pompo. Asungwana amene munalandira nawo Ulimbitso ali konkuno, aliyense ali ndi ana ake. Inunso a ku Joni akazi anu ambiri munawasiya kuno, ndife timakhala nawo ku mphakati. Ndiye musamati anthu akuchoka. Akuchoka ndi amuna, mpingo ukutsala, ndipo ukubala. Lowani m'tchalitchi muone mbali ya amayi ndi ana mmene imadzadzira, muyerekeze ndi mbali ya abambo.

Mnyamata wa ku Johannesburg:
Ndamva amayi. Koma ana omwewo akufunika sukulu.

Namwino, Manchester:
Moni makolo anga ndi abale nonse. Ndiwonjezereko za kubereka, poti ndi ntchito yanga kuyambira ndili kwathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mayi mmodzi m'Malawi amabereka ana 6.7 tikatengera pakatikati. Wa 2010 anapeza 5.7, wa 2015 mpaka 2016 anapeza 4.4. Kumidzi nambalayi ndi yokwererapo kuposa m'tauni, koma nayonso ikutsika. Wina atha kuganiza kuti ndiye chiwerengero chaima. Sichinaime, chifukwa atsikana amene akulowa msinkhu wobereka ndi ochuluka kuposa amayi awo. Ngakhale aliyense atabereka ana atatu okha, ana obadwa chaka chilichonse akhalabe ambiri kwa zaka makumi angapo. Chinanso, ana sakumwalira ngati kale, katemera ndi maneti zathandiza kwambiri. Choncho kwa ine anthu kwathu apitirira kuchuluka, koma liwiro lake lizicheperachepera. Tisamange ngati kuti adzawirikiza kosalekeza, tisamangenso ngati kuti mudzi ukutha.

Katekisi wopuma, kumudzi:
Mwana wanga, za kulera Mpingo uli ndi chiphunzitso chake, njira zachilengedwe, ndipo timaphunzitsa maanja asanadalitse ukwati. Ndisamve wina akuti vuto ndi ana. Mwana ndi mphatso.

Namwino, Manchester:
Agogo, sindinati ana ndi vuto. Chomwe ndaona n'chakuti mtsikana akakhalitsa pa sukulu amachedwa kukwatiwa ndipo amabereka thupi litakhwima. Lamulo la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, malamulo aakulu a dziko anasinthidwanso mu 2017 kuti agwirizane nalo. Mfumu yaikulu Kachindamoto ya m'boma lathu lomweli inadziwika dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Apa ndikuganiza kuti Mpingo ndi ife a chipatala tili mbali imodzi.

Mlembi wa gulu, Lilongwe:
Tibwerere ku kalata ija abale. Amsungichuma, muli chete.

Msungichuma, Blantyre:
Ndimawerenga. Ine nkhawa yanga ndi ina, ndipo ndikupempha mundimvetsere mpaka kumapeto. Ndinali kumudzi mwezi watha pa chiliza cha amayi aakulu. Ndinazungulira malo a tchalitchi ndi mapazi. Kum'mawa nyumba zafika pafupi ndi chimbudzi cha tchalitchi. Kumadzulo kuja tinkasewera mpira alimako kachewere. Kumbuyo komwe awapampando akufuna kuwonjezera, khoma latsopano likafika pamalire ndi munda wa eni ake. Nditafunsa pepala losonyeza malire a malowa, ndinauzidwa kuti mafumu akale anangoloza ndi dzanja, mboni zake zonse zinamwalira.

Chiwerengero chikamakwera chinthu choyamba kusowa ndi malo. Kalembera wa 2018 yemwe aphunzitsi atchula uja anapeza anthu 186 pa sikweya kilomita imodzi, pomwe mu 2008 anali 138. Njerwa tingadzagule chaka china chilichonse, zokwera mtengo inde, koma zidzapezeka. Malo oyandikana ndi tchalitchi akangomangidwapo nyumba, apita mpaka kalekale. Tikakuza tchalitchi lero, pakatha zaka khumi chidzadzadzanso, ndiye tidzakuzira kuti? Nyumba ya ansembeyo idzakhala pati? Midadada ya sukulu yomwe achimwene a ku Joni akunena idzakhala pati? Nanga manda, poti nawonso adzadza?

Maganizo anga: ndalama za chaka chino zipite ku malo. Tikambirane ndi a nyakwawa ndi a gulupu, mabanja omwe angalolere kusinthana minda tiwapepese bwino, malire aikidwe, ndipo malowo alembetsedwe m'dzina la dayosizi motsata lamulo la malo la 2016. Ndikudziwa kuti ndalama ikakhala m'banki imasungunuka, tonse tinaona mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, simenti n'kukwera tsiku lomwelo. N'chifukwa chake sindikuti tisunge, ndikuti tigule chinthu chomwe sichidzapezekanso.

Wapampando wa tchalitchi, kumudzi:
Achimwene amsungichuma, zomwe mwanenazi n'zomveka, koma ndikawauza chiyani akhristu? Aumba njerwa kale, amayi atuta mchenga kumtsinje ndi mitu yawo. Ndikaime kutsogolo ndinene kuti ana athu a m'tauni agula thengo? Anthu adzataya mtima, ndipo mtulo womwe umavuta kale kutolera udzavutiratu. Munthu amapereka akaona khoma likukwera.

Mphunzitsi wa sekondale, Zomba:
Abambo awapampando, njerwa sizionongeka zikaphimbidwa bwino. Ine ndagwirizana ndi amsungichuma. Ndiwonjezere za parishi. Kukhazikitsa parishi ndi mphamvu ya Ambuye Episkopi, ife tingangopempha. Ndipo iwo sayang'ana kukula kwa tchalitchi kokha. Amayang'ana ngati pali wansembe woti atumizidwe, ndiponso ngati akhristu angathe kumusamala. Wansembe satuluka msanga, amaphunzira ku seminale ya Kachebere kenako ku ya St Peter's ku Zomba kuno, zaka zosachepera 7 atamaliza Fomu 4. Dayosizi yathu ikusamala Dedza, Ntcheu ndi mbali ina ya Salima, nthambi zomwe zikupempha zomwezi ndi zambiri. Nthambi yomwe ili ndi malo okwanira komanso olembetsedwa idzamveka msanga kuposa yomwe ili ndi tchalitchi chachitali chopanikizika pakati pa nyumba za anthu.

Chinanso, si ana onse obadwa kwathu amene adzakhale Akatolika. Kalembera wa 2018 anapeza Akatolika 17 mwa anthu 100 alionse m'dziko lonse. Kwathu ndife ochulukirapo chifukwa cha mishoni, koma onani matchalitchi atsopano omwe amera m'mbali mwa msewu, achinyamata ambiri akupita kumeneko. Buku la ubatizo limatiuza olowa, silitiuza otsala.

Katekisi wopuma, kumudzi:
Pamenepo mwalasa, mwana wanga. Otsala amadziwika ku mphakati. Miphakati imeneyi inayamba ndi Ambuye Patrick Kalilombe ku Lilongwe, pa msonkhano wa dayosizi wa 1973 mpaka 1975, cholinga chake chinali choti Mpingo usamangodikira wansembe. Mtsogoleri wa mphakati aliyense amadziwa khomo lililonse: obatizidwa, opita ku Joni, olowa mpingo wina, ana omwe akuphunzira Tilitonse. Tipatseni masabata atatu, ine ndi akatekisi amene alipo panopa tizungulira miphakati yonse, tibweretse chiwerengero chenicheni. Ndikapemphanso bambo mfumu atilole kuona mabuku a ubatizo ndi a maukwati a zaka khumi zapitazi.

Wapampando wa Amayi a Chikatolika, kumudzi:
Kuwerengako ife amayi tithandiza. Koma za malo samalani. Minda imeneyo ndi ya mbumba, musakakambirane ndi abambo okha n'kumati mwamaliza. Eni dothi ndi amayi ndi atsibweni awo. Mukalumpha pamenepo mlandu wake udzatsala ndi zidzukulu.

Msungichuma, Blantyre:
Zoona amayi. Ndikupempha kuti inuyo mukhale nawo m'kagulu kokakambirana ndi mafumu.

Mnyamata wa ku Johannesburg:
Ngati pa malowo padzasiyidwe gawo la sukulu, ndipo zilembedwe, ife a kuno tivomera. Ndilankhula ndi anyamata Loweruka.

Wapampando wa tchalitchi, kumudzi:
Ine mtima sunakhazikike. Mawerengedwe achitike, za malo zikambidwe, sindikutsekereza. Koma pakali pano ndikapempha bambo mfumu kuti atilole kuchita mapemphero awiri Lamulungu, a ana m'mawa, a akulu dzuwa litakwera, kuti anthu asiye kuima pawindo. Ndipo denga la mbali ya kwaya likudontha. Mvula isanagwe mu Novembala pakufunika malata oti titseke pamenepo. Zimenezo zokha musatikanize.

Mlembi wa gulu, Lilongwe:
Ndalemba motere. Agogo akatekisi ndi amayi abweretsa chiwerengero cha m'miphakati pakatha masabata atatu. Amsungichuma, amayi ndi awapampando akaonana ndi a nyakwawa, ndipo asanatero adziwitse bambo mfumu. Za kukuza tchalitchi tidzavota tikalandira zonsezi. Za malata a mbali ya kwaya, awapampando tumizani muyeso ndi mtengo wake mawa, amene akutsutsa kuti titapepo pa thumba anene lero lisanathe.

Namwino, Manchester:
Malatawo musatape pa thumba. Awapampando nditumizireni mtengo kumbali, ndikambirana ndi akwathu awiri omwe ali kuno.