Amuna anga apezeka ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, soju (mowa wa ku Korea) wa kuntchito amukane bwanji?

A admin ndibiseni dzina chonde. Ndili ku Daejeon ku South Korea, ndinakwatiwa ndi m'Korea, chino ndi chaka chachinayi. Mwezi watha amuna anga anakayezetsa magazi zija amayeza a kuntchito ndiye awapeza ndi hepatitis B, adokotala akuti mwina anatengera kwa mayi awo pobadwa poti iwowa ndi a 1984 pomwe katemera wa makanda onse kuno anayamba 1995. Apongozi atamva analira tsiku lonse, akudziimba mlandu kuti ndi iwo anampatsa mwana wawo matenda, mpaka pano sakudya bwino.

Ine ndayezetsa ndilibe, ndayamba kubayitsa katemera. Amuna anga awayambitsa mapilisi a tenofovir kamodzi patsiku, sikani ya chiwindi ndi magazi miyezi 6 iliyonse, mowa awauza asiyiretu. Nkhani yagona pamenepo. Kuno kuli zoti hoesik, mukaweruka nonse mumakadya ndi abwana, akakuthirira soju umalandira ndi manja awiri, kukana kumaoneka mwano. Lachisanu lapitali anamwa matambula atatu kuopa mafunso, ndinakwiya mpaka tinagona osalankhulana, mmawa ndi pomwe ndinaona kuti munthu ali ndi mantha. Akuti akaulula anzawo ayamba kuwasala, poti kuno jjigae (ndiwo za msuzi) nthawi zambiri anthu amapisa mumphika umodzi ndipo alipo akuluakulu omwe amakhulupirirabe kuti kachilomboka kamayenda pa sipuni kapena tambula, chonsecho ndi m'magazi, pogonana ndi pobereka. Aulule kwa abwana kapena atani? Sindikufuna kuwaumiriza koma chiwindi ndi chimodzi abale.

Yankho 1: Asatchule dzina la matendawo achemwali. Angoti adokotala andiletsa mowa ndikumwa mankhwala, basi, si bodzanso. Tambula alandire ndi ulemu womwewo koma muzikhala madzi, iwo aziwathirirabe abwanawo.

Yankho 2: Pepani mayi. Chachikulu mapilisiwo asadzasiye paokha olo akumva bwino, kachilombo kamatha kudzuka mwamphamvu chiwindi nkutupa. Komanso abale awo a bere limodzi ayezetsa? Apongozinso akufunika sikani, asamangolira kunyumba.

Mwini funso: Zikomo, za madzizo ndiwauza usiku uno. Mlamu wanga wamkazi sanayezetse, ndipo ali ndi pakati miyezi 5, za katemera wa mwana akangobadwa ndikuzidziwa koma apongozi aletsa kuti asauzidwe kuopa a kuchimuna. Ndimuimbire ndekha?