Kangaude wa minga pa mtengo wa magwafa, ndi mtundu wanji?

Abale anga a kuno ku Harare, ndithandizeni. Dzulo m'mawa ndikuthyola magwafa kuseri kwa nyumba ku Mufakose, ndinapeza kangaude wachilendo ali phee pakati pa ukonde wake wozungulira. Kukula kwake ngati chikhadabo, koma msana wake ndi wolimba ngati chigoba cha nkhanu, wachikasu wa mizere yakuda, ndipo m'mbali muli minga 6, iwiri yaitali ngati nyanga.

Mwana wanga wa ku sekondale akuti ndi Gasteracantha, wa banja la Araneidae (akangaude oluka ukonde wozungulira), ndipo ndi wamkazi chifukwa aamuna amakhala ang'onoang'ono. Mnzake akuti ayi, ndi Isoxya. Mitundu iwiriyi imasiyana pati?

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti adzukulu anga amasewera pansi pa mtengowo. Kangaudeyu akaluma zimavuta? Sindikufuna kumupha ngati alibe vuto.