Funso: Kodi zipolopolo ndi zipangizo za mfuti zingabwere pa positi kuchokera ku Johannesburg?

Wofunsa (dzina labisidwa), Mulanje

Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse a pa gulu lino. Ndapempha oyang'anira gulu kuti abise dzina langa chifukwa abale anga ena ali momwemuno. Ndine mlimi wa chinanazi ndi nthochi cha ku Likhubula, m'munsi mwa phiri, ndipo chaka chino anyani andisautsa kwambiri. Amatsika m'mamawa anthu asanadzuke, n'kumathyola chinanazi chosapsa, kuluma kamodzi n'kutaya, moti ndikafika m'munda ndimangopeza zipatso zobooka zili mbwee m'mizere. Usiku nawo akuba amabwera ndi matumba. Mlonda amene ndinamulemba anathawa ndi chikwanje changa, ndipo alamu anga amene tinachita nawo malire amanena kuti vutoli ndi langa ndekha, chonsecho nthawi yogulitsa ikakwana amafuna kuti chinanazi chawo chikwere nawo galimoto imene ndalipira ine. Nkhani ya malirewo ikadali kwa amfumu chichokereni pamene madzi a namondwe Freddy anakokolola mitengo ya m'malire mu 2023.

Tsono pakhomo pathu pali mfuti ya shotigani imene bambo anga ankaopsezera nyama zowononga mbewu. Zipolopolo zake zinatha kalekale, lamba wake anaduka, ndipo chikwama chake chinadyedwa ndi chiswe. Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanena kuti angathe kundigulira bokosi la zipolopolo, lamba, chikwama, burashi yotsukira mpope wa mfuti ndi mafuta opopera. Funso langa ndi lakuti, kodi atumize pa positi, pa kampani yonyamula maphukusi, kapena apatse matransipota amene amabweretsa katundu wa anthu? Nanga msonkho wake ungakhale wotani? Ndikuda nkhawa chifukwa phukusi limene ananditumizira chaka chatha linafika lotsegulidwa, nsapato za mwana mulibe, ndipo mpaka lero palibe amene anavomera mlandu. Chonde ndithandizeni, tulo sindikupeza.

Dalaivala wopuma, Luchenza

Achimwene, mwafunsa anthu oyenera, chifukwa msewu umenewo ine ndinakalambira momwemo. Katundu wochoka ku Johannesburg pa msewu amadutsa pa Beitbridge, kulowa m'Zimbabwe, kutulukira pa Nyamapanda, kudutsa Tete m'dziko la Mozambique, kenako pa Zobue n'kufika pa chipata cha Mwanza. Pamenepa ndiye kuti mayiko anayi, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake okhudza mfuti ndi zipolopolo. Munthu akagwidwa ndi chipolopolo ngakhale chimodzi chopanda mapepala ku Tete, sadzamufunsa za anyani a ku Likhubula, adzamutsekera m'chitokosi momwemo, chinenero chake Chipwitikizi. Matransipota musawakhulupirire. Ine ndinapatsapo mmodzi wa iwo filiji ya mwana wanga wamkazi, inafika chitseko chitaphwanyika, ndipo nditamufunsa anandiyankha kuti ndikadandaule kwa mabampu a mumsewu.

Mayi wa ku Bvumbwe

Bambo, mundikhululukire, koma ine sindikuona chifukwa chimene munthu wa ana m'nyumba angafunire zipolopolo. Mwatchula alamu anu ndi mkangano wa malire m'funso lomwelo limene mukufunsira zipolopolo, ndipo mtima wanga wagunda. Mkwiyo umabwera mwadzidzidzi, ndipo mfuti ikalira sibweza mawu. Kwathu kuno mwana wina anavulala chifukwa cha mfuti imene akuluakulu ankati ilibe kanthu. Yambani mwathetsa nkhani ya malireyo kwa amfumu.

Dalaivala wopuma, Luchenza

Mayi, munthuyu sanafunse ulaliki, wafunsa za mayendedwe a katundu. Tisamaweruze munthu amene mbewu zake zikuthera m'kamwa mwa anyani ife tikugona bwino.

Amene anagwirapo ntchito ya makalata, Thyolo boma

Ndiyankhe mbali ya positi, popeza ndi imene ndikuidziwa. Zipolopolo sizilandiridwa pa positi yopita kunja kwa dziko. Mayiko amene ali m'bungwe la Universal Postal Union, kuphatikizapo Malawi ndi South Africa, anagwirizana kuti zinthu zophulika ndi zoyaka msanga zisalowe m'matumba a makalata, ndipo chipolopolo chili ndi wonga mkati, choncho chimawerengedwa m'gulu loyamba la katundu woopsa, gulu la zophulika. Lamuloli ndi lokhwima moti ngakhale mabomba oyerekezera opanda wonga amakanidwa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: thumba la makalata limakwera ndege, limaponyedwa, limapanikizika pansi pa matumba ena, ndipo amene akulinyamula sadziwa zimene zili mkati. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mafuta opopera amene mwatchulawo nawonso ndi oletsedwa, chifukwa chitini chopopera chili ndi mpweya wopanikizidwa umene umayaka. Lamba, chikwama ndi burashi zilibe wonga, koma mng'ono wanu afunse kaye pa kauntala asanamange phukusi, ndipo alembe zoona zokhazokha pa fomu ya kasitomu, ija ya CN22 kapena CN23. Komabe pali funso limene simunaliyankhe: kodi laisensi ya mfutiyo ili m'dzina la yani?

Mlimi wa makadamiya, Makwasa

Ine ndinasiya kalekale kuganiza za mfuti. Agalu awiri a chikuda odyetsedwa bwino amathamangitsa anyani kuposa shotigani, ndipo safuna chilolezo cha ku Lilongwe. Vuto ndi lakuti anthu amafuna galu alonde munda koma akumupatsa madeya okha. Kuno akuba makadamiya anachepa pamene tinagwirizana alimi oyandikana kulonda mosinthana usiku, aliyense ndi tochi ndi wezulo. Mukafuna ana agalu, galu wanga waswa mwezi uno.

Mnyamata wa pa Chitakale

Ankolo, anyani a m'phiri la Mulanje akamva kuti zipolopolo zikudikira chilolezo, achititsa phwando m'munda mwanumo mpaka chinanazi chithe. Koma kunena zoona, mungopatsa dalaivala wa basi, zinthu zambiri zimabwera choncho.

Dalaivala wopuma, Luchenza

Iwe mwana, usamalankhule zinthu zimene zingamangitse akuluakulu. Chimene wanenacho dzina lake ndi kuzembetsa zida, ndipo amene amamangidwa ndi atatu: wotumiza, wonyamula ndi wolandira. Dalaivala wa basi amene akukhulupirira kuti wanyamula zovala ndiye amayamba kugwidwa, ntchito yake n'kuthera pomwepo, ana ake n'kusowa fizi. Ine ndinaona ndi maso anga galimoto ikutsitsidwa katundu yense pa chipata, matumba ali pa dzuwa, amayi atakhala pa zitenje zawo m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa cha phukusi limodzi limene mwini wake sanafune kulizindikira. Ndipo ndikuwonjezere kuti ngakhale pa Muloza pompa, kapena njira za m'tchire zochokera ku Milange, malamulo ndi omwewo. Kufupika kwa malire sikusintha mlandu.

Mphunzitsi wopuma, Chonde

Ndikufuna kuwonjezera pa zimene anena a ku Thyolo boma, chifukwa iwo ndi amene agunda pa mutu wa nkhani. M'dziko muno nkhani za mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la mu 1967, ndipo amene amasunga kaundula wa mfuti ndi ofesi ya Registrar of Firearms, ku likulu la polisi ku Area 30 mu Lilongwe. Lamuloli silisiyanitsa kwambiri mfuti ndi zipolopolo zake: kukhala nazo kumafuna chilolezo, ndipo kuzilowetsa m'dziko kumafunanso chilolezo china chapadera chimene munthu amayenera kukhala nacho katunduyo asananyamuke. A MRA pa chipata sayamba ndi kuwerengera msonkho, amayamba ndi kufunsa chilolezocho. Kumbali ya South Africa kuli lamulo la Firearms Control Act la mu 2000, limene limaletsa munthu kukhala ndi zipolopolo ngati alibe laisensi ya mfuti imene imaombera zipolopolo za mtundu umenewo. Ndiye kuti mng'ono wanu, ngati alibe laisensi ya kumeneko, sitolo yovomerezeka singamugulitse, ndipo akazipeza mwa njira ina ndiye kuti wapalamula kale asanafike n'komwe pa positi. Kutulutsa zipolopolo m'dzikomo kumafunanso chilolezo cha apolisi a kumeneko. Tisaiwale kuti mgwirizano wa mayiko a SADC wolimbana ndi kufala kwa mfuti ndi zipolopolo unasainidwa ku Blantyre konkuno mu 2001.

Dalaivala wopuma, Luchenza

Aphunzitsi, zaka ndi mayina a malamulo mwatchula bwino, koma zimenezi ine ndinazinena kale m'Chichewa chomveka. Malamulo a m'mabuku ndi ena, zochitika pa chipata ndi zina, ndipo amene anagonapo pa Nyamapanda kudikira mapepala ndi amene amadziwa kulemera kwake.

Mphunzitsi wopuma, Chonde

Bambo a ku Luchenza, sindikutsutsana nanu. Koma munthu akapita ku ofesi amafunika kudziwa dzina la chimene akupempha, apo ayi amangobwezedwa.

Mayi wosamalira nkhalango, Mulanje

Palibe amene wanenapo za anyaniwo. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo nyama zakutchire zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017. Nyama zikamawononga mbewu, nkhaniyo imakanenedwa ku nthambi yoona za nyama zakutchire kapena kwa alangizi a zaulimi, osati kungoyamba kuombera. Anyani akutsikira m'minda chifukwa mitengo ya m'phiri imene inkawapatsa chakudya tinaiotcha makala ndi kuicheka matabwa, mpaka mkungudza wa Mulanje watsala pang'ono kutheratu. Tikapitiriza chonchi, zipolopolo za dziko lonse sizidzakwanira.

Mlimi wa makadamiya, Makwasa

Mayi, mawu anu ndi oona, koma mlimi sangadye mkungudza. Pamene mitengo ikukula, ana akufuna chakudya lero. N'chifukwa chake ine ndikunenabe za agalu.

Wofunsa (dzina labisidwa), Mulanje

Zikomo nonse. Mayi a ku Bvumbwe, musade nkhawa, ine ndi alamu anga timapemphera mpingo umodzi, ngakhale kuti mkazi wawo anasiya kundipatsa moni chiyambireni nkhani ya malire. Agalu ndinali nawo, koma wina anadyetsedwa poizoni, ndipo ndikumudziwa amene anachita zimenezi. Mng'ono wanga akubwera pa Khirisimasi pa ndege kudzera ku Chileka. Kodi sangangoziika m'sutikesi mwake, popeza positi yakanika?

Mayi wogulitsa matikiti a ndege, Limbe

Asayerekeze kuziika m'sutikesi mwakachetechete, chifukwa katundu yense amadutsa pa makina ounikira. Malamulo a ndege amalola munthu kunyamula zipolopolo zosapitirira makilogalamu 5, zolongedzedwa bwino m'bokosi lake, m'katundu wopita pansi pa ndege osati wa m'manja, koma pokhapokha kampani ya ndegeyo itavomereza ulendo usanachitike. Chivomerezo cha kampani sichilowa m'malo mwa zilolezo za maboma awiriwo, choncho tabwerera pomwe paja aphunzitsi anafika. Makampani akuluakulu onyamula maphukusi, monga DHL, nawonso anaika mfuti ndi zipolopolo pa mndandanda wa katundu amene salandira kwa munthu wamba.

Dalaivala wopuma, Luchenza

Ndege ine sindiikhulupirira n'komwe. Mphwanga anatayapo sutikesi yonse, inakapezeka patapita nthawi yaitali itanyowa. Koma achimwene, n'chifukwa chiyani mukuvutikira za ku Johannesburg? M'dziko muno muli ogulitsa mfuti ndi zipolopolo ovomerezeka ndi boma, ndipo iwowo ndi amene amadziwa kuitanitsa katunduyu ndi mapepala ake onse. Lamba ndi chikwama, telala aliyense wosoka matenti pa Luchenza pano angakusokereni ndi kanvasi yolimba, ndipo chiswe sichidzayerekezanso mukamachipachika m'mwamba. Ndalama imene mng'ono wanu akufuna kuwonongera kumeneko angotumiza pa foni.

Mayi wa ku Bvumbwe

Mwaona tsopano, galu anadyetsedwa poizoni ndipo akuti akumudziwa wochita zimenezi. Ine ndikubwerezabe kuti pakhomo pamene pali zokwiyitsa zochuluka chotere pasafike chipolopolo.

Amene anagwirapo ntchito ya makalata, Thyolo boma

Bambo wofunsa, mwayankha aliyense kupatula funso langa, ndipo popanda yankho limeneli zonse zimene takambirana pano sizikuthandizani. Mwanena kuti bambo anu "ankaopsezera" nyama ndi mfutiyo. Kodi bambowo alipo? Laisensi ya mfuti imaperekedwa kwa munthu mmodzi ndi dzina lake, ndipo siyenda yokha kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana monga umachitira munda kapena njinga. Ngati mwini wake anatisiya, kapena ngati laisensiyo inasiya kulipiridwa, ndiye kuti vuto lanu lalikulu lili kale m'nyumba mwanu, ndipo wogulitsa wovomerezeka amene a ku Luchenza akunena sadzakugulitsani ngakhale chipolopolo chimodzi asanaone chiphaso cha dzina lanu. Funafunani mapepala onse a mfutiyo, ngakhale akale ong'ambika, lembani nambala imene inadindidwa pa chitsulo chake, ndipo mupite nazo ku polisi ya Mulanje mukafotokoze mmene zinthu zilili. Mfutiyo musainyamule nokha pa minibasi kapena pa kabaza; afunseni iwowo kuti ifika bwanji m'manja mwawo. Mng'ono wanu muuzeni lero lomwe kuti asagule kalikonse mpaka mutamva zimene apolisi anene.