Ana akubwera pa Tsiku la Anakubala: ndikonze chiyani kuti chakudya chisawonongeke ndi kutenthaku?

Nachisale

Abale, ndithandizeni nzeru. Ana anga anayi agwirizana zobwera kumudzi kudzadya nane Tsiku la Anakubala, pamodzi ndi akazi awo, amuna awo ndi zidzukulu. Tonse tikhala akuluakulu 10 ndi ana 6. Afika Lachisanu madzulo, abwerera Lamlungu masana. Kuno ndi ku Balaka, ndiye dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Firiji ilipo koma ndi yaing'ono, komanso magetsi sitingawadalire. Mbuzi imodzi ikwana? Ufa ndi mpunga ndigule wochuluka bwanji? Nanga thobwa ndiliyambe liti?

Nabanda wa ku Ntcheu

Mayi, ndiyambe ndi thobwalo chifukwa ndi limene limalakwika kawirikawiri mwezi uno. Musaliyambe msanga. Nthawi yozizira limatha kukhala masiku atatu lili lokoma, koma Okutobala tsiku lachitatu limakhala litawawasa ndipo layamba kuyenda ulendo wa mowa, zidzukulu sizingamwe. Ngati mukufuna kuti limwedwe Loweruka, phikani phala Lachisanu masana.

Pa ndowa ya malita 20, ufa wa mgaiwa makilo awiri ndi chimera cha mawere kilo imodzi zikwana. Phikani phala lolimbirako, lipse bwino, kenako liphuleni lizizire mpaka loti mukaviika chala chotsuka simukupsa koma mukumva kufunda. Pamenepo ndi pothira chimera. Mukathira phala likadali lowira, mwapha mphamvu ya chimera, phala silisungunuka ndipo silitsekemera. Mukadikira mpaka lizizirire zii, limatenga nthawi ndipo limayamba kuwawasa lisanatsekemere. Takasani, mudzaona phala lija likusanduka lamadzimadzi. Vundikirani kwa maola angapo, kenako liwiritseninso mpaka libwate bwino, ndiye liphuleni. Kuwiritsa kwachiwiriku ndi kumene kumaliimitsa kuti lisathamange. Shuga musathire m'ndowa monse. Muzithira m'jagi yokha imene ikupita pa mkeka, chifukwa thobwa la shuga limasasa msanga. Chikho chotungira chikhale chimodzi, ndipo wina asamwere chomwecho.

Ngati chimera mulibe, gulani chogaya kale pamsika. Kumeretsa mawere, kuyanika ndi kugayitsa kumafuna sabata yathunthu.

Ufa woyera nawo sufuna changu: kukonola, kuviika mphale masiku atatu, kutsuka, kuyanika, kugayitsa, kuyanikanso ufawo. Yambani Lolemba. Wamkulu mmodzi amadya ufa wokwana magalamu 200 pa nsima imodzi, mwana theka lake. Kwa anthu anuwo ndi pafupifupi makilo awiri ndi theka pa chakudya chimodzi. Nsima kanayi ndi makilo 10, koma konzani 15, chifukwa fungo la mbuzi limaitana anansi. Mpunga werengani magalamu 100 munthu mmodzi, ndiye makilo awiri aphimba nkhomaliro ya Loweruka. Mukapeza wa Kilombero weniweni ndi wabwino pa tsiku ngati limeneli. Utsukeni pang'ono chabe, kapu imodzi ya mpunga makapu awiri a madzi, moto wochepa, makala ena pamwamba pa chivundikiro.

Bambo a Chisomo

Mbuzi imodzi ikwana, itsalanso. Ya makilo 25 ili moyo imatulutsa nyama ya mafupa yokwana makilo 11 kapena 12, osawerengera mutu, miyendo ndi zam'kati. Vuto lanu si kuchepa kwa nyama ayi, ndi kuisunga.

Musaiphe Lachisanu. Alendo ofika madzulo apherani nkhuku zachikuda zitatu, imodzi imadyetsa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo zimathera pomwepo. Nthutumba musaiwale kumene imapita, akamwini amawerenga. Mbuzi iphedwe Loweruka mbandakucha, dzuwa lisanatuluke, ntchentche zisanadzuke. Isendedwe ili chopachika pamthunzi, ndipo wotumbula asamale kuti asaboole ndulu kapena matumbo. Ndulu ikaphulikira pa nyama imawawa ndipo kutsuka sikuthandiza kwenikweni.

Zam'kati ndi zimene zimayamba kuwonongeka, choncho ziphikidwe nthawi yomweyo. Chifu ndi matumbo zitsukidwe kutali ndi pamene pali nyama ina, m'beseni lakelake. Chiwindi chiwotchedwe m'mawa womwewo. Mwendo umodzi ndi nthiti zikhale za nkhomaliro, mwendo wina wa kanyenya wa madzulo. Yotsala yonse ifutseni: iduleni zidutswa, iwiritseni ndi mchere mpaka ipse mkati, kenako iwambeni pa waya pamwamba pa moto wa pang'onopang'ono mpaka iume kunja. Imeneyo ndi ya Lamlungu ndi yopatsa ana ponyamuka. Nyama yaiwisi yoikidwa m'jumbo n'kumangidwa, kutenthaku, pofika ku Zalewa imakhala itayamba kale kununkha.

Za kanyenya: anyamata a m'tauni amakonda kuika nyama makala akadali kuyaka malawi. Kunja kumapserera, mkati muli magazi. Dikirani makala ayere phulusa pamwamba. Ngati mbuziyo ndi yokalamba, pakani nyama papaya wosapsa wosinja kwa ola limodzi lokha. Mukapitirira imafewa mpaka kutaya kukoma.

Mlangizi wa zaumoyo

Ndionjezere pa zimene anena a bambo a Chisomo. Anthu amaopa nyama, koma mpunga ndi saladi nazonso zimatsegula m'mimba mabanja pa zikondwerero.

Mpunga wosaphika umakhala ndi tizilombo tina timene sitifa ngakhale mpunga uwire. Mukausiya mumphika wofunda kuyambira masana mpaka usiku, timachulukana n'kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyo satha ngakhale mutenthetsenso. Ndiye phikani wokwanira chakudya chimodzi. Lamulo losavuta n'lakuti chakudya chophika chisakhale pabwalo kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, monga zimakhalira ku Balaka masana mwezi uno, ola limodzi. Saladi wa mayonezi musiyeni. Dulani tomato, anyezi ndi kabichi, finyirani mandimu ndi mchere pang'ono, ndipo mudule anthu atatsala pang'ono kukhala pansi. Mpeni ndi thabwa zimene zadulira nyama yaiwisi zisakhudze masamba.

Firiji yaing'onoyo musaidzaze ndi zakumwa. Kuyambira Lachitatu ziumitsani madzi m'mabotolo a malita awiri. Magetsi akazima, mabotolowo amasunga kuzizira, bola chitseko chisatsegulidwetsegulidwe. Firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya pafupifupi maola anayi okha, ndiye zidzukulu ziuzidwe. Uzani anawo abwere ndi mabokosi osungira zozizira a zakumwa zawo.

Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini, chifukwa zidzukulu zozolowera madzi a pampopi sizichedwa kudwala ndi a pachitsime. Mtsuko woikidwa pa mchenga wonyowa pamthunzi umaziziritsa bwino. Werengani malita atatu munthu aliyense patsiku, kupatula ophikira. Sungani mapaketi a Thanzi m'nyumba, othandiza wina akatsegula m'mimba. Akasowa, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osadzaza mulu ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kusamba m'manja kukhale kothirirana ndi jagi ndi sopo, osati anthu 16 kuviika m'beseni limodzi.

NaPhiri

Zonsezi n'zoona, koma ine funso langa ndi lina. Tsikuli ndi la ndani? Mayi, inu ndi amene mukuyenera kukhala pa mkeka mutavala chitenje chatsopano. Ana akuluakulu anayi, ogwira ntchito, sangabwere chimanjamanja kudzakupezani mukutuluka thukuta pa mafuwa. Agawireni pa WhatsApp lero lomwe: wina mpunga ndi mafuta malita asanu, wina shuga, mchere, tomato ndi anyezi, wina thumba la makala ndi zakumwa, wina alipire mbuzi. Mukangoti "mubwere ndi kanthu", onse anayi adzafika ndi buledi.

Ndiponso musakonze zakudya za m'tauni zokhazokha. Mpunga ndi nkhuku amadya kwawo. Chimene amachisowa ndi nkhwani wotendera, mfutso wa khobwe, chigwada, therere, chimanga chachiwisi cha kudimba chowotcha. Ndiwo zotendera nazo sizigona kutenthaku, nsinjiro zimasasa, ndiye phikani zothera. Kwa ana, vikani malambe m'madzi owiritsa ozizira kwa ola limodzi, fikisani, sefani, thirani shuga. Mavwende awiri aakulu oikidwa m'beseni la madzi kuyambira m'mawa amathetsa ludzu la masana. Mango ambiri akadali anthete, muziwayang'anira ana ndi mchere wawowo.

Kukhitchini muikeko mmodzi wolamula, makamaka mwana wanu wamkazi wamkulu. Atengwa awiri ndi ana aakazi awiri pa mphika umodzi popanda wotsogolera, mchere umathiridwa kawiri.

Nachisale

Zikomo nonse, ndalemba. A Nabanda, thobwa lotsala Loweruka ndingalisunge bwanji kuti ena anyamule Lamlungu?

Nabanda wa ku Ntcheu

Patulani lonyamulalo mukangomaliza kuwiritsa kwachiwiri, lisanathiridwe shuga. Loweruka madzulo liwiritseninso, lizizire lili chovundikira, ndipo m'mabotolo mulithire Lamlungu m'mawa. Musadzaze mpaka kukamwa, siyani mpata wa zala zinayi, ndipo auzeni azimasula chitsekero pang'ono panjira. Botolo lodzaza ndi lomangitsa limafufuma m'galimoto yotentha ndipo limatha kuphulika. Akafika aliike m'firiji tsiku lomwelo.