Chotsukira mapoto chomwe sichitha msanga n'chiti?

Nachisale:
Akuluakulu, gawaniko nzeru. Pakhomo la anthu 7, lophika pa mbaula kawiri pa tsiku, ndi chotsukira chiti chomwe chingapirire? Steel wool wa pagolosale akuchita dzimbiri tsiku lachiwiri, n'kumasiya tizitsulo m'zala. Masiponji achikasu okhala ndi chobiriwira mbali ina aja, chobiriwiracho chikumatuka sabata isanathe. Ziwiya zake ndi mapoto a aluminiyamu, mbale zapulasitiki, matambula agalasi, pani imodzi ya non-stick, kudzanso sinki ndi matailosi a kubafa. Kodi chilipo chimodzi chogwira zonsezi?

Wogulitsa Ziwiya:
Amayi, chimodzi chogwira zonsezo palibe, ndipo kuchifunafunako ndi kumene kukukutherani ndalama. Pakufunika zitatu: cha waya cha kunja kwa mapoto, cha nayiloni cha mkati, ndi chofewa cha galasi, pulasitiki ndi paniyo.

Steel wool ndi chitsulo wamba chopalidwa kukhala tiulusi. Chitsulo chopyapyala chotero chikakumana ndi madzi ndi mpweya, dzimbiri silichedwa. Pakakhala mchere wa m'ndiwo ndiye usiku umodzi ndi wokwanira. Si kuti mukugula woipa ayi, ndi mmene alili. Musamanyowetse mpukutu wonse. Dulani ndi sizasi kachidutswa kokwana m'zala zitatu, kokwanira tsiku limenelo basi. Kumwetula ndi manja kumacheka khungu. Wotsalayo mumange m'pepala la pulasitiki pouma.

Wolimba ndi waya wopiringizika wa stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, wonyezimira uja. Koma pamsika alipo ofanana naye opangidwa ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi zinki. Zinkiyo ikaperepeseka pa poto, dzimbiri limayamba. Ena amati muyese ndi maginito, koma zimenezo zimanamiza: stainless wa mtundu wa 410 ndi 430, amene amapangira mawaya ambiri otsukira, amakokedwa ndi maginito ngakhale ali weniweni. Kuyesa kwabwino n'kugula mmodzi, kumuviika m'madzi amchere, n'kumusiya pa mbale yoyera usiku wonse. Mukapeza madontho ofiirira m'mawa, mtundu umenewo musagulenso. Pogula mupimeni m'manja: wolemera ndi wothinana ndiye wokhalitsa, wopepuka ngati thonje amaphwatalala msanga. Mumukokenso pang'ono. Akayoyoka tizidutswa adakali m'sitolo, kunyumba tizidutswato tidzathera mu nsima.

Nabanda:
Achemwali, zomwe anena bambowa ndi zoona, koma chimene chimapha chotsukira si poto ayi, ndi nkhoko ndi mwaye. Ziwirizi zisafike n'komwe pa siponji.

Mukangomaliza kuomola, thirani madzi m'poto mpaka kupyola pamene nsima inalekeza, muubwezere pa mbaula makala akuzilala. Pakatha mphindi 20 kapena 30 nkhoko zimasendeka zokha ndi mthiko kapena chipande. Poto wopsereza nyemba muwiritsemo madzi okwana lita imodzi ndi masupuni aakulu 2 a soda wophikira therere kwa mphindi 10. Musamusiye m'menemo mpaka m'mawa, chifukwa soda amadetsa aluminiyamu. Phulusa nalonso limatero likakhalitsa, choncho pakani, kwechani, tsukuluzani nthawi yomweyo.

Za mwaye, pakani sopo wa mtanda wonyowa kunja kwa poto musanautereke. Mwayewo umamatirira pa sopoyo, osati pa chitsulo, ndipo potsuka umachoka ndi madzi. Mchenga umayeretsa, inde, koma aluminiyamu ndi wofewa. Tsiku ndi tsiku ukudya thako la poto mpaka kubooka, kenako mukayambe kusaka owotcherera.

Tsopano chobiriwira chija. Ndi ulusi wa nayiloni womatidwa timchenga tolimba kwambiri, nthawi zambiri ta aluminium oxide. Kampani ya 3M inayamba kugulitsa cha mtundu umenewu, Scotch-Brite, mu 1958, ndipo lero otengera alipo ambirimbiri. Timchengato ndi tolimba kuposa galasi, n'chifukwa chake matambula otsukidwa nacho amachita chifunga, ndipo mbale zapulasitiki zimakalika n'kumasunga mafuta m'mikwingwirimamo. Pa siponji yotchipa chimamatuka chifukwa guluu wake sapirira madzi otentha komanso kupotokola pofinya. Cha mkati mwa mapoto a aluminiyamu, gulani chobiriwira chokha chopanda siponji, chokhuthala, mudule pawiri kapena panayi. Mukachipinda pakati n'kuona kuwala kukudutsa, kapena chikasiya ufa wobiriwira m'zala, n'chosalimba. Pofinya muzichipsinja m'chikhatho, osachipota ngati chovala.

Mlimi wa ku Dowa:
Zonse za m'sitolo mwatchula, nanga chinkhupule mwachiiwala bwanji? Pa galasi, pulasitiki ndi pani ya non-stick palibe chochiposa, ndipo chikanyowa chimafewa osakala kanthu. Chimayanga pampanda ngati mphonda. Dzalani ndi mvula yoyamba, pakatha miyezi 5 kapena 6 zipatso zakhwima. Musathyole chobiriwira, ulusi wake umakhala wanthete ndipo umaola. Dikirani khungu lifiire, chipepuke, njere zizilira mukachigwedeza. Viikani m'madzi kuti khungu lisendeke, gugudani njere zituluke, tsukani madzi oterera aja, muyanike padzuwa masiku 2 kapena 3. Dulani zidutswa za masentimita 10. Chimodzi chachikulu chimatulutsa zitatu kapena zinayi.

China ndi chisaka cha ukonde chonyamulira anyezi kapena malalanje. Pindani kangapo, musoke m'mbali ndi ulusi wa nayiloni. Sichichita dzimbiri, sichisunga madzi, ndipo chimachititsa thovu ndi sopo wochepa. Kungoti musachikhudzitse poto wotentha, chimasungunuka. Mphika wadothi ndiye chitsononkho ndi madzi otentha basi. Dothi limamwa sopo, ndiwo za mawa n'kumanunkha.

Nachisale:
Zikomo nonse. Nanga fungo? Siponji ngakhale isanang'ambike imayamba kununkha. Komanso za kubafa simunanenepo.

Nabanda:
Fungolo ndi tizilombo toswana m'zotsalira za chakudya pachinyezi. Cholakwika chachikulu n'kusiya siponji m'kambale ka sopo muli madzi. Mukamaliza, tsukuluzani mpaka madzi atuluke oyera, finyani, muyanike pathandala padzuwa kapena mukoloweke pamsomali. Zikhale ziwiri zosinthana, china chikugwira ntchito china chikuuma. Kamodzi pa sabata viikani siponji, chinkhupule ndi cha nayiloni m'madzi okwana lita imodzi osakaniza ndi supuni yaikulu imodzi ya Jik kwa mphindi 5, kenako mutsukuluze. Mukachulutsa Jik siponji imafumbutuka. Za waya musaziike mu Jik, amadya chitsulo ngakhale cha stainless; zimenezo ingowiritsani mphindi 5. Jik asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala a m'chimbudzi, mpweya wake ndi wa poizoni. Fungo likakana kuchoka, tayani.

Kubafa kukhale chotsukira chakechake, mudule ngodya imodzi kuti ana asachibweretse kukhitchini. Matailosi ndi beseni loyera safuna waya: amasiya mizere yotuwa, ndipo tizidutswa ta steel wool totsalira m'mipata timadzasanduka madontho a dzimbiri ovuta kuchotsa. Pamenepo ndi burashi ya nayiloni, ndipo m'mipata ya matailosi mswachi wakale ndi soda wonyowetsa. Sinki ya stainless muzikwecha motsatira mizere yake, osati mozungulira.

Pani ya non-stick ija muidikire izizire musanathiremo madzi, apo ayi imapindika pansi. Ikayamba kale kusupuka, palibe chotsukira chingaibweze.