Kodi "chidyerano" nchiyani? Agogo andisokoneza pa nkhani ya Mgonero

Wofunsa, wa ku Mbare:
Abale, ine ndinabadwira kuno ku Harare, Chichewa changa nchophunzirira m'tchalitchi. Loweruka lija tikukonzekera Mgonero wa Ambuye, agogo anga, amene anachoka ku Dedza ali anyamata, anamva kuti ine ndi mlongo wanga sitikulankhulana. Anangoti, "Mgonero ndi chidyerano, mdzukulu wanga, sadya uli ndi mpeni kumphasa." Nditamuuza mnzanga mawuwa anaseka mpaka misozi, akuti chidyerano ndi zosinthana akazi. Kodi agogo ananena zolaula?

Mayi wa ku Mufakose:
Mnzanuyo wagwira mchira wokha. Inde, madera ena mawuwa amatanthauzanso zimenezo, koma chidyerano cha agogo ndi cha nsima. Kale kumudzi nyumba iliyonse inkapika, mbale nkupita nazo pabwalo. Abambo paokha, amayi paokha. Ndinaziona ndili mtsikana: wina wabwera ndi nkhwani wotendera, wina thelere chabe, wina nkhuku, koma ukatema mbamu palibe ankafunsa kuti ndiwozi zachokera khomo liti. Mwana wamasiye ankakhutira pomwepo. Ndipo munthu amene umamukayikira sukanapisa naye dzanja m'mbale imodzi. Mpeni wakumphasa uja ndi chidani chobisa, pamaso ukuseka.

Mkulu wa mpingo, wa ku Highfield:
Amayi anena zoona. Mwanawe, werenga 1 Akorinto 11, kuyambira ndime 17. Ku Korinto olemera ankayamba kudya osadikira anzawo, wina kuledzera, wina kubwerera ndi njala, Paulo nkuwauza kuti umenewo si Mgonero wa Ambuye. Chidyerano chawo chinali chitafa. Pa 1 Akorinto 10:16 Buku Lopatulika limatchula chikho ndi mkate kuti chiyanjano, ndipo ndime 17 ikuti mkate ndi umodzi, ife ambirife thupi limodzi. Nchifukwa chake ku CCAP timayamba tasonkhana Mgonero usanafike, kuti aliyense adziyese. Sinodi yathu ya Harare, ya 1965, anaimanga anthu ngati agogo akowo, Achewa, Angoni, Atonga, okumana kuchilendo. Ankadziwa kudyera pamodzi.

Wina wa ku Mabvuku:
Nanga bwanji timati mgonero chonsecho timadya dzuwa lili pamutu?

Mkulu wa mpingo:
Mgonero ndi chakudya chogonera, ndipo Yesu anaudya usiku umene anaperekedwa. Anzathu a Chishona amati chirairo, ganizo ndi lomwelo.

Wofunsa:
Zikomo makolo. Lamulungu lija chikho chinandidutsa, sindinalandire. Mlongo wanga ndamuimbira dzulo, sanayankhe. Madzulo ano ndikwera kombi ndikamupeze kwawo.