Shawelo ya ukonde ikupindika m'mbali, tchatichi chandithetsa nzeru

Anabanda: Amayi anzanga, ndithandizeni. Ndalandira oda ya shawelo ya ukonde, ya makona atatu, yoti mkwatibwi akafunde pa chinkhoswe kumapeto kwa mwezi uno. Tchati chake ndi cha ku Japan, zolembazo sindikuzimva, ndikungotsata zizindikiro. Imayambira kunsonga ndi kabokosi kamodzi n'kumakula pokwera. Pakati palibe vuto, koma m'mbali monse muwiri mukukokana ndipo nsaluyo ikupindikira mkati. Ndafika pa mzere 10. Ulusi ndi wa acrylic, 4-ply, singano ya crochet (ya ngowe) ya 3 mm. Zithunzi ndi izo, cha tchati ndi cha ntchito yanga.

Amayi a Tadala: Singano yachepa iyo, achemwali. Ukonde umafuna dzanja lomasuka. Tengani ya 4 mm, muona kusintha.

Anaphiri: Ikanakhala singano, bwenzi nsalu yonse itauma. Apa pakati pagona bwinobwino. Anabanda, tawerengani mabokosi a mzere 10. Shawelo imeneyi imawonjezera kabokosi kamodzi mbali iliyonse, ndiye amayenda 1, 3, 5, 7. Mukachulukitsa nambala ya mzere kawiri n'kuchotsa 1, mwapeza. Pamenepo akhale 19.

Anabanda: Ndawerenga kawiri. Alipo 19.

Anaphiri: Ndiye simunataye kalikonse. Vuto ndi kapangidwe ka mabokosi akumapetowo. Agogo a Yamikani ali pa intaneti? Awa ndi maso awo.

Agogo a Yamikani: Ndilipo, ndimafuna magalasi. Mwanangu, kulitsani chithunzi cha tchaticho, muyang'ane T womaliza (chizindikiro cha sitichi) pa mzere 3, kumanzere. Ndi wautali ndipo wapendekeka. Timizere todula pa mwendo wake tilipo tingati?

Anabanda: Eee! Titatu. Ena onsewo ali ndi kamodzi.

Agogo a Yamikani: Basi, ndi pomwepo. Timizereto timakuuzani kuti ulusi muukulunge kangati pa singano musanabaye. Kamzere kamodzi, kukulunga kamodzi. Titatu, katatu. Inu pachithunzi chanu mwaika sitichi wamba yemweyo wa pakati, ndiye kabokosi komaliza kalibe pansi pake, kafinyika ngati samusa. Popeza mumatembenuza nsalu mzere uliwonse, kofinyikako kamagwera uku lero, mawa uko, n'chifukwa chake mbali zonse zikukokana.

Onani mmene kamamangidwira. Kabokosi kalikonse kali ndi matcheni 2 pansi, msinkhu wa matcheni 3 m'mbali, ndi matcheni 2 pamwamba. Poyamba mzere, kabokosi katsopano kamapachikika m'malere, pansi pake palibe chilichonse, ndiye mumaluka zonse ndi matcheni: 2 ndi 3 ndi 2, onse 7, kenako sitichi wamba pamutu pa sitichi womaliza wa mzere wapansi. Izi mukuchita bwino. Pomaliza mzere matcheni sangakuthandizeni, chifukwa ulusi uyenera kuthera pamwamba. Ndiye mumaluka matcheni 2 a pamwamba, kukulunga katatu, kubaya pomwe munabaya sitichi womaliza, kukoka ulusi. Pa singano pakhala malupu 5. Muziwachotsa awiriawiri, kanayi. Sitichi wautaliyo amakwana matcheni pafupifupi 5, akapinda amakhala pansi ndi m'mbali mwa kabokosiko nthawi imodzi.

Anabanda: Ayi ndamva tsopano. Koma pa YouTube mayi wina ankaluka ukonde womwewu n'kumati treble, akukulunga kamodzi. Ndinkaganiza kuti T aliyense ndi treble basi.

Alongo wa ku Leeds: Pamenepo ndi pomwe ambiri timagwera. Kuno ku Britain sitichi wokulunga kamodzi amamutcha treble, pomwe ku America yemweyo ndi double crochet. Wokulunga katatuyo kuno ndi triple treble, ku America ndi double treble. Mukamatsata mayina musokonezeka, werengani timizere. Tchati chochokera ku Japan chimandisangalatsa pa chifukwa chomwechi: kozungulira ngati dzira ndi tcheni, kadontho kakuda ndi slip stitch, x kapena + ndi kasitichi kafupi kobaya osayamba mwakulunga ulusi, ndipo sizisintha kaya bukulo ndi la chinenero chanji. Mukaona kamakona atatu kakuda, dulani ulusi. Kosadetsa mkati, lumikizani ulusi watsopano.

Amayi a Tadala: Ndagonja pa za singano. Komabe 3.5 mm ingagwe bwino pathupi kuposa 3 mm, makamaka kunja kukutentha chonchi.

Anabanda: Funso lina, musatope nane. Bwanji pa mzere 2 matcheni 7 aja ajambulidwa kumanzere, pa mzere 3 kumanja?

Anaphiri: Tchati chimaonetsa nsalu kumaso kwake kokha, sichitembenuka nanu. Mzere 1, 3, 5 muziwerenga kuchokera kumanja, mzere 2, 4, 6 kuchokera kumanzere. Pomwe palembedwa nambala ya mzere ndi pomwe mukuyambira. Ine ndimasindikiza papepala n'kupaka mizere mitundu iwiri ya makrayoni a ana, apo ayi maso amalumpha mzere. Ndine wamanzere, ndiye changa ndimachitembenuza kaye pa foni chisanasindikizidwe, koma zimenezo inu sizikukhudzani.

Agogo a Yamikani: Chinanso chomwe chidzakuvuteni kutsogolo. Mukafika kumapeto kwa mzere, sitichi womaliza muzibaya mu tcheni yachisanu ya matcheni 7 aja, kuwerenga kuchokera pomwe anayambira. Mukabaya yachinayi kapena yachisanu ndi chimodzi, m'mbali muyamba kugwedera ndipo simudziwa pomwe zalakwika. Mukangoluka matcheni 7, kolekani kapini pa yachisanu. Ulusi woyera usiku suoneka, ndiponso magetsi athuwa mukuwadziwa.

Anabanda: Ndimasule zonse, kapena ndingopitiriza bwino kuchokera pa mzere 11? Simbi singawongole?

Alongo wa ku Leeds: Masulani. Nsonga ndi yomwe imalendewera kumsana, aliyense pa chinkhoswe aziona pomwepo. Mizere 10 imeneyo ndi mabokosi 100 okha, pomwe shawelo yonse ipitirira 5,000. Simbi imawongola chopindika, koma kabokosi kopanda pansi sikangamere pansi. Mukamaliza, ibayeni mapini pa matiresi, muifukize nthunzi simbi ili m'mwamba. Ikakhudza acrylic amanyezimira n'kufooka, sabwereranso.

Anaphiri: Musanapite patali, yezani mabokosi 10 ndi tepi. Ngati akwana 10 cm ndipo kasitomala akufuna 150 cm pamwamba, mukufunika mizere ngati 75. Yezaninso ulusi womwe muli nawo, chifukwa mizere yakumtunda imadya kwambiri. Pofika pa mzere 38 mudzakhala mutangoluka gawo limodzi mwa magawo anayi. Gulani ulusi wonse lero wa nambala imodzi ya utoto, zoyera sizifanana zonse.

Anabanda: Ndamasula, ndatenga ya 3.5 mm, ndili pa mzere 6, mabokosi 11. Yagona phwathalala patebulo, m'mbali mukukwera ngati masitepe monga pa tchati. Zikomo agogo, zikomo nonse. Koma za mzere 38 zija zandiopsa, mtengo ndinautchula ndisanawerenge.

Amayi a Tadala: Mwatchula zingati? Lembani kumbali, tione ngati tingamuuze kuti mphonje azilipira padera.